Mwana wa sekondale ndi kafukufuku wa fizikisi: za William Kamkwamba ndi zimene nyanja yathu ingaphunzitse

Mphunzitsi wa sayansi akafuna kudzutsa ana amene ayamba kuodzera m'kalasi yotentha ya ku Mangochi, dzina limene limabwera msanga pakamwa ndi la William Kamkwamba. Koma nkhani yake timaikamba modula. Timathamangira pa kutchuka ndi pa filimu, n'kudumpha pamene pali phunziro lenileni. Nawa mafunso amene ophunzira, makolo ndi aphunzitsi a kunyanja kuno amafunsa nkhaniyi ikayambika.

Kodi mwana wa sekondale angachitedi kafukufuku wa fizikisi? Si za ku yunivesite zimenezi?

Angachite. Kafukufuku ndi kufunsa funso limene lingayankhidwe poyeza, kuyeza mosamala, kulemba zimene mwapeza, kenako kuona ngati yankho likugwirizana ndi zimene mumaganiza. Mwana wa fomu 3 sadzatulukira lamulo latsopano la chilengedwe, ndipo palibe amene akumupempha zimenezo. Koma akhoza kupeza zinthu zimene palibe buku lazilemba, monga mphamvu ya mphepo pabwalo la sukulu yake mwezi ndi mwezi, kapena kuchuluka kwa magetsi amene sola ya kunyumba kwawo imataya chifukwa cha fumbi. Mabuku a fizikisi amapereka malamulo ogwira ntchito dziko lonse. Manambala a ku Makawa, ku Namwera kapena ku Chembe amadikira munthu wa komweko kuti awayeze.

William Kamkwamba anachita chiyani kwenikweni?

Kamkwamba anabadwa mu 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itafika, makolo ake analephera kumulipirira fizi, ndipo anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo atangoyamba kumene. M'malo mongokhala, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza mabuku a sayansi, limodzi mwa iwo lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankadalira kwambiri zithunzi ndi mizere yosonyeza mmene mawaya amayendera.

Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake. Nsanja inali ya mitengo ya bulugamu, yotalika pafupifupi mamita 5. Mapiko anawapanga ndi mapaipi a pulasitiki amene anawang'amba n'kuwawongola pamoto, ndipo anawamangirira pa fani ya thirakitala imene anatola kudzala la zitsulo. Kumbuyo kwake kunali njinga yakale ya bambo ake. Mapiko akamazungulira, tcheni chinkazungulitsa tayala, tayalalo n'kumapukusa dayinamo ya njinga. Pamapeto pake nyumba ya kwawo inali ndi mababu anayi ndi mawailesi awiri oyendera magetsi a mphepo. Chimene chimandigometsa ine kuposa mapikowo ndi tizinthu tating'ono: maswichi anawapanga ndi mphira ya patapata, ndipo anapanganso chodulira magetsi pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito, kuti mawaya akagundana nyumba isapse. Munthu wongokopera chithunzi sakanaganiza zimenezo. Apa m'pamene pakuoneka kuti mnyamatayu anamvetsa mmene magetsi ndi maginito zimagwirizanirana.

Dziko linamudziwa mochedwa. Mu 2006 Dr Hartford Mchazime, amene ankagwira ntchito ku Malawi Teacher Training Activity, anakaona makinawo n'kubweretsa atolankhani, ndipo nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhani yake. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer, linatuluka mu 2009, ndipo Chiwetel Ejiofor analisandutsa filimu mu 2019.

Ndiye kuti iyeyo ndi amene anatulukira makina opanga magetsi ndi mphepo?

Ayi, ndipo iye mwini sananenepo zimenezo. Anthu akhala akugwiritsa ntchito mphepo pogaya tirigu ndi popopa madzi kwa zaka zoposa 1,000, ndipo makina a mphepo opanga magetsi analipo kale zisanafike zaka za m'ma 1900. Njira imene dayinamo imagwirira ntchito, yoti maginito akamazungulira pafupi ndi waya wokulungidwa magetsi amayenda m'wayamo, anaipeza Michael Faraday ku England mu 1831. Luso la Kamkwamba linali kumvetsa zimenezi yekha, wopanda mphunzitsi, n'kuzigwiritsa ntchito ndi zinthu zotola pa nthawi imene m'mudzi munalibe ngakhale chakudya. Kumutchula wotulukira windimilu n'kumuchepetsa, chifukwa tikamutama pa chinthu chimene sanachite timaiwala chovuta chimene anachitadi.

Nanga si anatchuka atasiya sukulu? Ndiye sukulu ili ndi phindu lanji?

Funso ili limamveka kwambiri kuno, kumene mnyamata amaona mnzake wabwera ndi ndalama za usipa m'mawa umodzi, wina watumiza njinga yamoto kuchokera ku Joni. Koma Kamkwamba sanasiye sukulu mwakufuna, anachita kuthamangitsidwa ndi fizi, ndipo mabuku amene ankawerenga m'laibulale muja anali a sukulu omwewo. Mwayi utapezeka anabwerera pa desiki ali wamkulu kuposa anzake a m'kalasi. Anaphunzira ku African Bible College Christian Academy ku Lilongwe, kenako ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Makina ake anamaliza kumanga mu 2002, koma anthu a kutali anawadziwa patapita zaka zinayi. Akanakhala kuti Dr Mchazime sanadutse ku Wimbe, mwina bwenzi lero ali mmisiri wodziwika kumudzi kwawo kokha. Ana aluso otere alipo m'boma lililonse, ndipo ambiri mlendo wotero sawafikira. Satifiketi ya MSCE ndiye khomo losadalira mlendo.

Kuno tili ndi mwera. Bwanji osangodzala makina otere m'mphepete mwa nyanja monse?

Apa ndiye pamene fizikisi imayamba kukoma. Mphamvu ya mphepo sikwera mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kasanu ndi katatu. Tengani makina a mapiko otalika mita imodzi lililonse. Mphepo ikamathamanga mamita 5 pa sekondi, imadutsa pamapikowo ndi mphamvu ya mawati oposa pang'ono 200. Ikatsika kufika pa theka la liwirolo, mphamvu imagwa kufika pa mawati osakwana 30. Ikakwera kufika mamita 10 pa sekondi, mphamvu imayandikira mawati 1,800, ndipo makina osalimba amathyoka. Komanso palibe makina amene angatenge mphamvu yonseyo. Albert Betz wa ku Germany anasonyeza kuti malire ake ndi magawo 59 pa 100 aliwonse, chifukwa mphepo iyenera kutsala ndi liwiro lina kuti ichoke kuseri kwa mapiko. Makina opangira kunyumba amakhala kutali ndi malirewo. Dayinamo ya njinga nayo imapereka mawati ochepa chabe, okwanira kababu kapena wailesi, osati ayironi.

Mwera umawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka cha m'ma Ogasiti. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto. Pakati pake pamakhala masiku a bata pamene nyanja imangoti zii. Palinso kamphepo ka tsiku ndi tsiku: masana kamachokera kunyanja kupita kumtunda chifukwa mchenga ndi miyala zimatentha msanga kuposa madzi, usiku kamatembenuka. Ndiye funso loti makina a mphepo angagwire ntchito kapena ayi lilibe yankho limodzi la boma lonse. Pamwamba pa mapiri a ku Namwera si chimodzimodzi ndi kuseri kwa phiri ku Monkey Bay. Wofuna kumanga ayambe wayeza. Kachoyezera mphepo kamapangika ndi timakapu tinayi tapulasitiki tomangirira pa timitengo topingasa, kamodzi kopaka utoto kuti muziwerenga kazungulira kangati pa mphindi. Kuti mudziwe kuti kuzungulira kwakutikwakuti kukutanthauza liwiro lanji, pemphani wakabaza wa njinga yamoto akuyendetseni pang'onopang'ono m'mawa kopanda mphepo, inu mutakagwira m'mwamba, iye akukuuzani liwiro la pa mita yake. Mwana amene angalembe manambala amenewa katatu pa tsiku kwa chaka chathunthu adzakhala ndi chinthu chimene ngakhale injiniya angachifune.

Kupanga chinthu ndi kufufuza zimasiyana pati?

Zimasiyana pa kope. Mwana akalumikiza kamota ka wailesi yakufa ku mapiko a chigubu, babu n'kuyaka, wapanga chinthu, ndipo ayamikiridwe. Kafukufuku amayamba akafunsa kuti: mapiko atatu ndi mapiko asanu ndi limodzi, abwino ndi ati? Ndikawapendeketsa kwambiri, magetsi akwera kapena atsika? Kuti ayankhe, asinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse azisiye mmene zilili. Ayeze kasanu kapena kuposa, osati kamodzi. Alembe tsiku, nthawi ndi mmene kunja kunalili, ndipo manambala amene akutsutsana ndi maganizo ake asawafufute. Chofooka chimene chimaoneka kawirikawiri pa zionetsero za sayansi ndi chimenechi: chinthu chokongola pa tebulo, mwana wolankhula bwino, koma ukafunsa kuti chimatulutsa mavolti angati, amayang'ana mphunzitsi wake.

Sukulu yathu ndi CDSS yopanda labotale. Tiyambire pati?

Kusowa kwa labotale ndi vuto lenileni, ndipo boma lisabisale kuseri kwa nkhani ya Kamkwamba ngati kuti mwana aliyense azikatola zida kudzala. Komabe pali zambiri zotheka. Ulusi wa mita imodzi ndi kamwala ndi zokwanira kuyeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi: kamwalako, kakalendewera ku ulusiwo, kamapita n'kubwerera m'masekondi pafupifupi 2, ndipo mukawerenga maulendo 20 n'kugwiritsa ntchito fomula ya m'buku mumafika pafupi ndi 9.8. Mvula ya mabingu ikamabwera patsidya la nyanja, werengani masekondi kuchokera pa kung'anima mpaka bingu, muli m'nyumba ndithu osati pa doko. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi, chifukwa phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Foni yamakono ili ndi tizida toyezera kuwala, phokoso, maginito ndi kugwedezeka, ndipo pulogalamu yaulere ya phyphox, yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imaonetsa manambala a tizidato pagalasi. Chida chimodzi chimene ndingalimbikitse komiti ya makolo kugula ndi kamita koyezera magetsi, konga kamene amagwiritsa ntchito okonza mafoni pamsika. Kamodzi kokha kakhoza kutumikira kalabu yonse ya sayansi.

Nanga nyanjayi, muli fizikisi yanji? Si za bayoloje zimenezo, za nsomba?

Nsomba ndi za bayoloje, koma chimene chimazidyetsa ndi fizikisi. Nyanja ya Malawi imazama mpaka mamita pafupifupi 700 cha kumpoto. Madzi ofunda ndi opepuka, choncho amakhala pamwamba, ndipo ozizira amakhala pansi. Magulu awiriwa sasakanikirana kwenikweni, n'chifukwa chake kupitirira mamita 200 kapena 250 kupita pansi kulibe okosijeni ndipo nsomba sizikhalako. Koma mchere wa m'nthaka umene zomera zing'onozing'ono za m'madzi zimafuna umaunjikana m'madzi a pansiwo. Mwera ukawomba kwa masiku, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera kuno madzi ozizira a pansi amakwera kudzatenga malo awo, atanyamula chakudya chija. Kuphatikiza ndi kusazama kwa nyanja mbali ino, ichi ndi chifukwa chachikulu chimene dera la kumwera lakhala nkhokwe ya chambo, utaka ndi usipa. Mwera womwewo umene umatsekera asodzi pa doko ndi umene umathirira munda wawo.

Mwana wa ku Chembe kapena ku Nkope akhoza kuona zimenezi yekha. Choyezera kutentha choviika pa malo amodzi m'mawa uliwonse, ndi mbale yoyera yomangirira ku chingwe chokhala ndi mfundo pa theka la mita lililonse, yomwe amaimiza mpaka itasiya kuoneka, zimamuuza mmene madzi akuzizirira ndi kuderera mwera ukapitirira. Akatswiri a ku Monkey Bay, kumene kuli malo ofufuzira za nsomba, amagwiritsa ntchito njira ya mbaleyi kuyambira kale.

Palinso nkhani ya kukwera ndi kutsika kwa madzi. Ambiri amaganiza kuti madzi a m'nyanja amathera mu Shire, popeza ndi mtsinje wokhawo wotuluka, ndipo timauona ukudutsa pansi pa mlatho pa boma la Mangochi. Zoona zake n'zakuti madzi oposa magawo 8 pa 10 aliwonse amene nyanja imataya amauluka ngati nthunzi. Shire amatenga otsalawo, n'kudutsa nawo ku Malombe ndi pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, mpaka ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene EGENCO imapangira magetsi ambiri a dziko lino. Nyanja ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 29,600, kotero sentimita imodzi yokha ya kukwera kwa madzi ndi makyubiki mita pafupifupi 296 miliyoni. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika moti Shire anasiya kutuluka. Mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete. Anthu anakangana kwambiri za baraji ya ku Liwonde, ndipo mkangano wotere sungathe popanda manambala a mvula, nthunzi ndi madzi otuluka. Beseni la madzi loikidwa padzuwa, loyezedwa ndi rula tsiku ndi tsiku, ndi poyambira pabwino, bola wofufuzayo akumbukire kuti beseni limatentha msanga ndipo limauma mofulumira kuposa nyanja, komanso alitchingire mbuzi ndi nkhuku.

Pali kafukufuku amene angathandize pakhomo lero lomwe?

Alipo, ndipo ali pa doko. Asodzi a chilimira amakopa usipa ndi kuwala. Kale asodziwa ankadalira nyali za parafini zopopa, masiku ano ambiri ali ndi mababu a LED ndi batire. Kuwala kofiira kumathera pafupi m'madzi pamene kobiriwira ndi kwa buluu kumafika patali, ndiye pali funso loti babu liti limafika pakuya pati, komanso batire limodzi limatha maola angati ndi mababu angati. Pa thandala palinso funso: usipa umauma msanga bwanji pa thandala la pamtetete poyerekeza ndi m'kanyumba ka pulasitiki koumitsira ndi dzuwa? Sikelo ndi wotchi zikuyankhani. Ndipo pa denga pali sola. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kukatentha kwambiri sola imapereka magetsi ambiri. Sola imafuna kuwala, osati kutentha. Ikatentha kupitirira madigiri 25, imataya pafupifupi magawo 4 pa 1,000 aliwonse a mphamvu yake pa digiri iliyonse, ndipo yogonekedwa pa malata masana a Okutobala ku Mangochi imafika potentha moti simungaigwire. Kuikweza pang'ono kuti mphepo izidutsa pansi, ndi kuipukuta fumbi, zimabweza mawati angati? Limenelo ndi funso la mwana wa fomu 2, mtsikana kapena mnyamata, ndipo yankho lake bambo ake adzalimvetsera.

Mwana wanga amangokhalira mawaya ndi zitsulo, anthu akuti wazungulira mutu. Ndimuletse?

Kamkwamba nayenso ankanenedwa kuti ndi wamisala, ena ankati akusuta chamba, ndipo chilala chitabweranso ena anati makina ake akuthamangitsa mitambo ya mvula. Musamuletse, koma muikireni malire atatu. Asakhudze mawaya a ESCOM, chifukwa magetsi a mavolti 230 amapha, ndipo zoyesera zake zonse zizikhala za mabatire ang'onoang'ono kapena sola. Batire la galimoto lili ndi asidi ndipo limatulutsa mpweya woyaka likamatchajidwa, choncho lisakhale m'chipinda chogona. Nsanja yaitali imaitana mphenzi, ndiye asakwerepo kukachita mitambo. Palinso malamulo a boma. Mu 2009 Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, amene anapanga yekha wailesi ya m'mudzi yotchedwa Pachikweza, anamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chilolezo cha MACRA, ngakhale kuti Amalawi ambiri anamuikira kumbuyo. Ndipo muzimufunsa za masamu. Mwana wokonda mawaya koma wothawa masamu amathera pa kukonza zimene ena anapanga.

Akapeza zotsatira, akazionetse kuti, ndipo njira yake ikupita kuti?

Ayambe ndi mphunzitsi wa fizikisi ndi kalabu ya sayansi ya pasukulu. Ku Kamuzu Academy, ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kwakhala kukuchitika chionetsero cha sayansi cha masukulu a m'dziko lonse, ndipo bungwe la National Commission for Science and Technology ndi limene boma linalipatsa udindo wolimbikitsa ntchito zotere. Mphunzitsi wamkulu ndiye woyenera kufunsa za masiku ndi kalemberedwe. Lipoti likhale lalifupi: funso linali lotani, anayeza bwanji, manambala ndi awa, girafu ndi iyi, ndipo zimene zikanatha kusokoneza zotsatira ndi izi.

Kupita patsogolo kumadalira magiredi a MSCE, makamaka a masamu, fizikisi, kemisitiri ndi Chingerezi. Masiku ano fizikisi imalembedwa payokha, osati yophatikiza ndi kemisitiri mu Physical Science ngati kale, choncho posankha maphunziro a fomu 3 mwana asaisiye chifukwa chotsatira anzake. University of Malawi ku Zomba ili ndi dipatimenti ya fizikisi. MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimaphunzitsa uinjiniya, ndipo Mzuzu University ili ndi maphunziro a mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi. Pafupi pompano pali Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe ndi sukulu ya za sitima ku Monkey Bay, kumene injini, magetsi ndi kayendedwe ka madzi ndi nkhani za tsiku ndi tsiku. Amene magiredi sanafike pa yunivesite akhoza kulowera ku makoleji a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, kumene amaphunzitsa zamagetsi ndi kuika masola. Kope la manambala lija alisunge, chifukwa pa intavyu ya sikolashipu kapena ya ntchito adzakhala ndi choika pa tebulo.